Mwera wafika: dziwani mafunde ndi madzi obwerera musanalowe m'nyanja

Alimi anzanga, sabata ino tachoka pang'ono ku munda, tatsikira ku doko. Wina afunsa kuti nkhani ya mafunde ikudzatani pa tsamba la alimi. Yankho lake nlapafupi. Kwa Ngokwe, kwa Chikweo ndi kwa Kawinga m'boma la Machinga, munthu amene mu Januwale amagwira khasu ndi yemweyo amene mu Juni amagwira nkhafi. Mpunga ukamwetedwa, chimanga chikalowa m'nkhokwe, abambo ndi anyamata amathamangira ku nyanja ya Chiuta kukatchera maukonde ndi miono kuti apezeko makumba, matemba ndi milamba. Ena amakweza matumba m'bwato kuolokera tsidya la Mozambique kukachita malonda. Tsono vuto ndi lakuti nyengo imene mlimi amapeza mpata wopita pa madzi ndi yomweyonso imene mphepo ya mwera imalusa, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Banja likataya bambo mu Julayi, mu Okutobala munda umasowa wogalauza.

Mphepo ndiyo imabala mafunde

Funde silibwera lokha. Limapangidwa ndi mphepo imene ikukankha madzi, ndipo kukula kwake kumadalira mphamvu ya mphepoyo, nthawi imene yakhala ikuomba, ndi kutalika kwa mtunda wa pa madzi umene yayenda popanda chotchinga. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa. Nyanja ya Malawi inagona kuchokera kumwera kupita kumpoto pa mtunda woposa makilomita 550, choncho mwera umayenda m'litali mwake monse ukukankha madzi, nchifukwa chake mafunde a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga amaopsa ngati a ku nyanja ya mchere. Akuluakulu amakumbukirabe sitima ya Vipya imene inagubuduzika ndi mphepo pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Chilumba, anthu 145 namira. Imeneyo inali sitima yachitsulo, yatsopano, osati bwato losema.

Nyanja yathu ya Chiuta njosiyana. Njaing'ono, ndiponso njosazama: m'malo ambiri madzi ndi mamita atatu mpaka asanu, pamene nyanja ya Malawi pena imafika mamita pafupifupi 700. Apa mpamene ambiri amanyengekera. Amati, "Kanyanja kosazamaka kangandichite chiyani?" Koma madzi osazama ali ndi khalidwe lawolawo. Mphepo ikaomba, mafunde ake satalika kwambiri, koma amakhala ofupikirana, ochindikala mutu, obwera motsatizana osapereka mpata. Pa nyanja yakuya bwato limakwera funde pang'onopang'ono nkutsika. Pa Chiuta bwato lisanatsike pa funde loyamba, lachiwiri lamenya kale m'mbali nkuthira madzi m'kati. Wokapa madzi akangochedwa, bwato limalemera, limatsika, ndipo funde lachitatu limalowa lonse. Mabwato ambiri sagubuduzika ndi funde limodzi lalikulu ayi. Amadzaza pang'onopang'ono ndi timafunde timene anthu amatinyoza.

Chiuta nayo inagona kuchokera kumwera kupita kumpoto, kumene imalumikizana ndi nyanja ya Amaramba ya ku Mozambique, komwe mtsinje wa Lugenda umayambira. Ndiye kuti mwera umapezanso njira yaitali. Munthu amene wanyamuka pa doko lobisika ndi bango ndi njedza amaona madzi ali phee, osadziwa kuti akangotuluka m'mabangomo nkufika poyera akumana ndi zina. Musamayese nyanja poyang'ana madzi a pa doko. Yang'anani kutali, pakati. Mukaona mitu ya mafunde ikuyera ngati thonje lomwazika, dziwani kuti tsikulo ndi losoka maukonde pa mtunda.

Mtsinje wobisika m'kati mwa nyanja

Tsopano tifike pa phunziro lenileni la lero, limene ndikhalitsapo chifukwa ambiri mwa ife sitinalimvepo. Pali madzi ena oopsa amene amapezeka pa gombe la mchenga pamene mafunde akusweka. Pa Chingerezi amawatcha rip current. Ife tingowatcha madzi obwerera.

Kuti timvetse, tiyeni tibwerere ku munda. Mlimi aliyense waonapo zimene zimachitika mvula yamphamvu ikagwa m'munda wa mizere yopingasa. Madzi amaunjikana kuseri kwa mzere, akufunafuna potulukira. Akapeza pofooka amaboola, ndipo madzi onse a m'khwawamo, ochokera uku ndi uku, amathamangira pa kampata kamodzi kameneko ndi liwiro lalikulu, nkukumba ngalande. A mpunga amadziwanso mmene madzi amathamangira pamene mgula wagumuka.

Pa gombe zimachitika chimodzimodzi. Pansi pa madzi, chapafupi ndi mtunda, mafunde amaunjika mchenga nkupanga mzere wautali wotsata gombe. Funde lililonse likasweka limalumphitsa madzi pamwamba pa mzerewo kupita ku mtunda. Madziwo amachuluka pakati pa mzere ndi gombe, ndipo ayenera kubwerera. Kubwerera pamwamba pa mzere nkovuta popeza mafunde ena akubwerabe, choncho amayenda cham'mbali mpaka atapeza pamene mzere wadukiza. Pamenepo amatuluka onse pamodzi ngati mtsinje wolunjika pakati pa nyanja. Zimachitikanso m'mbali mwa thanthwe, kapena m'mbali mwa khoma ndi mlatho wa pa doko umene walowa m'madzi.

Mtsinje umenewu siwotambalala. Kawirikawiri m'lifupi mwake supitirira mamita 25, ndipo ukadutsa pamene mafunde akuswekera umamwazika nkutha mphamvu. Koma liwiro lake ndilo loopsa. Nthawi zambiri ndi pafupifupi theka la mita pa sekondi, koma akatswiri anayezapo ena othamanga kuposa mamita awiri pa sekondi. Palibe mnyamata wa kwathu kuno, ngakhale amene anakulira pa doko, angasambire molimbana ndi madzi otere. Ku America bungwe la opulumutsa anthu m'magombe limawerengera kuti madzi obwerera amapha anthu oposa 100 chaka chilichonse, ena mwa iwo pa nyanja zopanda mchere monga Michigan. Izi zikutiuza kuti nkhaniyi si ya nyanja ya mchere yokha. Paliponse pamene pali mchenga ndi mafunde osweka, madzi obwerera angakhalepo.

Ndinene chilungamo: pa Chiuta penipeni, pamene magombe ambiri ndi a matope ndi bango, madzi obwerera a mtundu umenewu sapezekapezeka. Nanga ndikuwafotokozeranji? Chifukwa anthu a ku Machinga ndi ku Balaka sakhala malo amodzi. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano malole ndi maminibasi amadzaza kupita ku magombe a ku Mangochi ndi ku Senga Bay. Ana a sukulu ndi makwaya amapita kukaona nyanja. Asodzi a kuno amakagwira ganyu ku nyanja yaikulu. Ndiponso ndi mudzi uti m'maboma awiriwa umene ulibe mwana ku Joni? Anyamata athu ali ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale nawonso amapita ku gombe pamodzi ndi chinamtindi cha anthu. Mnyamata amene anaphunzira kusambira pa Chiuta kapena mu Rivirivi amadziona ngati katswiri, osadziwa kuti nyanja ya mchere ili ndi malamulo ena. Kumeneko madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo madzi obwerera amakonda kukula mphamvu pamene nyanja yaphwa.

Msampha wake uli apa. Pamene pali madzi obwerera mpamene pamaoneka pabwino kusambirapo. Popeza pamenepo mpokumbika, mafunde saswekapo. Kumanja kukuyera thovu, kumanzere kukuyera thovu, koma pakati pali kanjira kodekha, kakuda pang'ono. Mayi amene akuopa mafunde amauza ana ake kuti, "Sambirani apa, mpabata." Wawalozera m'kamwa mwenimweni mwa ngozi. Choncho musanalowe m'madzi imani pamalo okwera kwa mphindi zingapo, muyang'ane. Mukaona mpata pakati pa mafunde osweka, kapena madzi ofiirira ndi mchenga akuloza pakati pa nyanja, kapena thovu, zinyalala ndi timitengo zikuyenda kuchoka ku mtunda m'malo mobwera, pamenepo musalowepo. Ku South Africa magombe ambiri a m'mizinda ali ndi alonda amene amazika mbendera zofiira ndi zachikasu. Malo osambira ndi pakati pa mbenderazo basi. Makolo, mukamalankhula ndi ana anu pa foni muziwakumbutsa zimenezi, osangofunsa za ndalama ya feteleza yokha.

Madziwa akakugwirani

Anthu ambiri amakhulupirira kuti pali chinthu chimene chimakokera munthu pansi. Ena amati ndi mizimu ya m'nyanja, ena amati walodzedwa. Za mizimu ndisiyira eni ake, koma za madzi obwerera zoona zake nzakuti sakokera pansi. Amangomutenga munthu kupita naye kutali ndi gombe, ali pamwamba. Chimene chimapha ndi mantha ndi kutopa. Munthu akaona mtunda ukutalikira amayamba kupalasa ndi mphamvu zonse kulunjika kumene wachokera, kulimbana ndi mtsinje. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu manja alema, mpweya wathawa, wayamba kumwa madzi.

Chofunika ndi kusalimbana nawo. Gonani chagada, mutambasule manja ndi miyendo, mupume bwino, madzi akutengeni. Sakufikitsani ku Likoma ayi. Akangodutsa mzere wa mchenga uja atha mphamvu. Ngati mphamvu zilipo, sambirani chopingasa, motsata gombe, monga mmene munthu wogwera mu mtsinje amalowera cha ku tsidya m'malo molimbana ndi kumtunda. Mamita ochepa okha mukhala mwatuluka, kenaka lunjikani kumene mafunde akusweka, akuthandizani okha kukukankhirani ku mtunda. Ngati mwatopa, pitirizani kuyandama, kwezani dzanja limodzi, itanani. Kuyandama chagada ndi luso limene mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja ayenera kuphunzitsidwa asanaphunzire nkomwe kupalasa bwato, ndipo mungamuphunzitse m'madzi ofika m'chiuno, dzanja lanu lili kunsi kwa msana wake.

Zoopsa za kwathu ku Chiuta

Pa Chiuta madzi oyenda amapezeka m'njira zina. Mwera ukaomba masiku awiri kapena atatu umakankhira madzi mbali imodzi ya nyanja, ndipo ukaleka madziwo amabwerera, nkumathamanga m'tinjira ta pakati pa mabango. Nyengo ya dzinja, pamene mitsinje monga Mpili ndi Lifune yadzaza, pamathiriro pake pamakhala madzi amphamvu amene amalowa m'nyanja ngati muvi, ndipo akakumana ndi mphepo ya mpoto pamabadwa mafunde osokonezeka, osadziwika kochokera. Amene anaona madzi a namondwe wa Idai mu Malichi 2019 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa zambiri. Madzi othamanga ongofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu. A ku Liwonde ndi a tsidya la Balaka akumbukirenso kuti kufupi ndi zitseko za baraji ya pa Shire, imene inamangidwa mu 1965, si malo osambirapo kapena oyandikirapo ndi bwato.

Kuonjezera apo pali matope amene amagwira mwendo, udzu wa pansi pa madzi, ndi maukonde otchera amene amakola munthu mofanana ndi mmene amakolera mlamba. Msodzi asamasowe mpeni wakuthwa m'chiuno. Za ng'ona ndi mvuu mukuzidziwa kale.

Koma chimene ine ndimachiona kuti nchachikulu kuposa zonsezi ndi katundu. Thumba la mpunga ndi makilogalamu 50. Matumba khumi ndi theka la tani. Onjezani njinga ziwiri, amayi atatu ndi ana awo, wopalasa ndi mnzake. Bwato limatsika mpaka madzi kutsala zala zitatu kuti alowe. Mwini bwato akufuna ndalama, okwera sakufuna kudikira ulendo wachiwiri, ndiye aliyense amangoti, "Tifika, Mulungu alipo." Mulungu alipodi, koma anatipatsanso maso. Ngati chikhatho chanu chonse sichikwana pakati pa madzi ndi mlomo wa bwato, tsitsani matumba ena kapena tsikani inuyo. Nyamukani m'mamawa mphepo isanakule, ndipo amene walawa kachasu asagwire nkhafi. Nthambi yoona za nyengo imalengeza pa wailesi pamene mwera ukuyembekezeka kulimba pa nyanja zathu. Chenjezo limenelo si la a ku nyanja yaikulu okha. Chiuta, Chilwa ndi Malombe zili momwemo.

Bwato likadzaza madzi kapena kugubuduzika, musalisiye. Bwato la mtengo kawirikawiri limayandamabe ngakhale litadzaza, ndipo okufunani amaona bwato msanga kusiyana ndi mutu wa munthu. Mtunda umaoneka pafupi pamene uli kutali. Matumba atayeni. Mpunga udzalimidwanso.

Majekete oyandamitsa ndi okwera mtengo, tonse tikudziwa. Koma pakhomo paliponse pali chigubu. Chigubu chopanda kanthu cha malita 20, chotsekedwa bwino, chimanyamula makilogalamu pafupifupi 20 m'madzi, kuposa majekete ambiri a m'sitolo, ndipo munthu akakhala m'madzi safuna zochuluka chotero kuti mutu ukhale pamwamba. Ngakhale cha malita asanu chimathandiza. Mangani chingwe pa chogwirira chake, ndipo m'bwato mukhale chigubu chimodzi pa munthu aliyense, chosamangiriridwa ku bwato kapena kupanikizidwa pansi pa matumba. Sichilowa m'malo mwa jekete kwa munthu amene wakomoka, koma nchabwino kutalitali kuposa manja okha. Ku South Africa bungwe lopulumutsa anthu pa nyanja la NSRI linayamba mu 2017 kupachika zoyandamitsa za mtundu wa pinki m'magombe opanda alonda kuti aliyense woona ngozi aziponye. Nzeru yomweyo ingagwire ntchito pa doko lililonse la Chiuta ndi mtengo umodzi, chigubu ndi chingwe.

Asodzi a Chiuta anaonetsa kale kuti akagwirizana zinthu zimatheka. Mu 1995 iwo eni anaimirira nkuchotsa pa nyanjayi makoka a nkacha amene ankasesa ndi tiana ta nsomba tomwe, nakhazikitsa makomiti a m'madoko. Makomiti amene anatha kuteteza nsomba sangalephere kuikanso lamulo la chiwerengero cha anthu ndi matumba m'bwato, kapena kuletsa kunyamuka tsiku la mwera. Mafumu athu aganizirepo. Bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2021 tsiku la 25 Julayi kukhala lokumbutsana za kupewa kumira m'madzi, ndipo kwa ife tsikuli limagwa pakatikati pa mwera. A zaumoyo pa dziko lonse amati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata.

Kupulumutsa mnzanu

Munthu amene akumira sakuwa monga timaganizira. Pakamwa pake pamangotuluka ndi kulowa m'madzi, alibe mpweya woitanira, manja akumenya madzi m'mbali, ndipo mphindi imodzi isanathe angathe kuzimirira. Nchifukwa chake mwana amamira amayi ake akuchapa pomwepo. Pochapa kapena potsuka mbale pa doko, pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, osati mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri wobereka mnzake.

Mukaona munthu akumira musathamangire kudumphira. Maliro a anthu awiri kapena atatu a banja limodzi amayamba motero: womirayo amagwira aliyense womuyandikira ndi mphamvu yodabwitsa nkumukwera pamutu. Itanani anthu. Mpatseni nsungwi, nkhafi kapena chitenje, inu mutagona kapena mutagwira pokhazikika. Ngati ali patali mponyereni chigubu, mpira, kapena chilichonse choyandama. Ngati pali bwato pitani nalo, ndipo agwire kumapeto kwake, osati m'mbali, kuopa kuligubuduza. Kulowa m'madzi ndi njira yotsiriza, ya wodziwa kusambira yekha, ndiponso atanyamula choyandamitsa choti ampatse womirayo asanamukhudze.

Mukamutulutsa, chonde lekani chizolowezi chomuzondotsa, kumuzunguza kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi. Zimenezo zimangotaya nthawi, ndipo zimatha kukankhira masanzi m'mapapo. Chimene akusowa ndi mpweya. Mgonekeni chagada pamalo olimba, mpendeketseni mutu chakumbuyo, mukweze chibwano, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, mtsineni mphuno ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera. Kenaka sanjikizani manja pakati pa chifuwa, mudinikize mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, muuzirenso kawiri, ndi kubwereza chomwecho osaleka, mukusinthana ndi anzanu. Kwa mwana wamng'ono dzanja limodzi likwanira, kwa khanda zala ziwiri. Akayamba kupuma mgonekeni cham'mbali, mvuleni zonyowa ndi kumufunditsa, pakuti mphepo ya Juni ndi Julayi imazizira kwambiri pa thupi lonyowa. Musamumwetse mowa poti atenthedwe.

Ngakhale atadzuka nkumalankhula, nkumati ali bwino, mutengereni ku chipatala tsiku lomwelo, kaya kwa Ngokwe, kwa Chikweo, ku Nayuchi kapena ku chipatala chachikulu ku Liwonde. Madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto patapita maola angapo. Pa njira muzimuyang'anitsitsa: akayamba kutsokomola kosalekeza, kupuma mofulumira, kutuluka thovu kukamwa kapena kuodzera modabwitsa, uzani woyendetsa njinga kapena galimoto kuti asaimenso pena paliponse.